Kodi Makwinya Ndi Cinthu ca Manyazi?

Munthu ali yense amene alowa m'masitolo akulu a ku Lusaka, ku Ndola kapena ku Chipata masiku ano apeza mabotolo a mafuta odzola atandandalikidwa mizeremizere. Kale ogulitsa mafuta oletsa ukalamba anali kusamala za nkhope yokha, koma tsopano atsikira thupi lonse. Alipo mafuta a m'khosi, a pacifuwa, a m'manja, a m'zigongono, a m'maondo, kufikira a ku zidendene. Pa mabotolo ambiri palembedwa lonjezo limodzimodzi, lakuti wodzolayo adzacedwa kukalamba, khungu lace lidzakungika ngati ng'oma yatsopano, ndipo makwinya adzamthawa. Mtengo wa botolo limodzi nthawi zina uposa mtengo wa thumba la ufa, komabe anthu agula.

Inu anyamata ndi atsikana amene mwangotsiriza sukulu mwina mudzati, "Nanga ife nkhani imeneyi itikhudza bwanji, popeza khungu lathu likali losalala?" Ikukhudzani pa zifukwa ziwiri. Coyamba, posacedwa mudzalandira malipiro anu oyamba, ndipo ogulitsa alikuwadikira kale. Iwo adziwa kuti akabzala mantha a ukalamba mwa mwana wa zaka 20, adzakolola kwa iye moyo wace wonse. Caciwiri, maganizo amene munthu ali nao pa makwinya a iye mwini ndiwo adzakhala naonso pa makwinya a amace ndi a agogo ace. Tsono funso lathu ndi ili: kodi ncabwino kuti munthu alimbane ndi zizindikiro za ukalamba pa thupi lace? Ndipo ngati ncabwino, malire ace ali pati?

Cilakolako Cimeneci Ncakale

Tisayese kuti kufuna kuoneka wacinyamata kunayamba ndi masitolo. Ku Egypt kunapezeka mpukutu wa gumbwa wolembedwa pafupifupi zaka 1,600 Yesu asanabadwe, umene lero udziwika ndi dzina la Edwin Smith, munthu amene anaugula m'caka ca 1862. Mbali yace yaikulu inena za kuciritsa mabala ndi mafupa othyoka, koma kumbuyo kwace mlembi anaonjezako njira yoyengera mafuta amene, monga iye anakhulupirira, akhoza kusandutsa nkhalamba kukhala mnyamata. Mlembiyo ndi onse amene anadzola mafuta acewo anakalamba, nafa.

Ku Mesopotamia, dziko limene lero ndi Iraq, anthu analemba pa mapale a dothi nthano ya Gilgamesh, mfumu ya mzinda wa Uruk. Bwenzi lace litamwalira, mfumuyo inagwidwa ndi mantha a imfa, niyenda ulendo wautali kufunafuna moyo wosatha. Potsiriza inauzidwa za citsamba ca pansi pa nyanja cimene cibwezera munthu unyamata wace. Inamanga miyala ku mapazi ace, nimira, nicithyola. Koma pobwerera kwao inaima pa dziwe kuti isambe, ndipo njoka inamva pfungo la citsambaco, nicitenga, nifundula khungu lace pocoka. Motero, inatero nthano, njoka ifundula nthawi ndi nthawi, koma munthu safundula.

Makolo athu naonso anali anthu odzola. Amai anali kukazinga nsatsi, kuzisinja, kuziwiritsa m'madzi ndi kuyengula mafuta oyandama pamwamba, nawasunga m'nsupa. Khanda likasamba linali kudzozedwa, ndipo namwali potuluka m'cinamwali anali kudzozedwa kufikira thupi lonse litanyezimira. Munthu wotuwa mbuu anali kuyesedwa wodwala, wamasiye kapena waulesi. Koma pali kusiyana kumodzi kumene tiyenera kukusunga m'mtima pamene tilikupitirira ndi nkhani yathu. Nchembere yodzola nsatsi sinali kufuna kuti anthu aiyese namwali. Inali kufuna kukhala nchembere yaukhondo. Ikadakwiya kwambiri munthu atailanda ulemu wa zaka zace ndi kuikhazika pa mphasa ya atsikana.

Khungu Likalamba Bwanji?

Tisanaweruze mlandu tiyenera kuyamba taumva bwino. Khungu ndilo ciwalo cacikulu koposa ziwalo zonse za thupi. La munthu wamkulu, likadayalidwa pansi ngati mphasa, likadakwana pafupifupi masikweya mita 2. Pamwamba pace pali kakhungu kopyapyala kamene kayoyoka pang'onopang'ono osaoneka, nikaphuka kena, ndipo mwa wacinyamata kasinthika konse pa mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono. Pansi pa kameneka pali khungu locindikala, lolukidwa ndi ulusi wa mitundu iwiri. Mtundu woyamba madotolo ati kolajeni, ndipo nchito yace iri ngati ya luzi limene limanga phaso la nyumba kuti lisagwe. Mtundu waciwiri ati elastini. Umenewu utamuka ndi kubwerera ngati mpira wa legeni.

Zinthu ziwiri zikalambitsa khungu. Coyamba ndi zaka. Munthu akafika pa msinkhu, thupi lace liyamba kuluka kolajeni wocepa kuposa amene alikutha, ndipo ofufuza ena anawerengera kuti cotayika ndi pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 caka ciri conse. Mwa akazi kutayikako kufulumira pa zaka zoyamba atasiya msambo. Tizitsime ta mafuta ndi ta thukuta natonso tiphwa, ncifukwa cace khungu la nkhalamba liuma, liyabwa, lipyapyala, ndipo licedwa kupola likacekeka. Ici palibe angaciletse, ngakhale wolemera cotani.

Caciwiri ndi dzuwa. M'kuwala kwa dzuwa muli ceza cosaoneka ndi maso, cimene m'Cingerezi ati ultraviolet, ndipo ceza cimeneci cilowa m'khungu ndi kudula ulusi uja. Wofuna umboni asapite kutali. Apenye kuseri kwa dzanja la agogo ace, napenyenso m'kati mwa mkono wao pafupi ndi m'khwapa. Malo onse awiri anabadwa tsiku limodzi, koma kwina kwakwinyika ngati tsamba la fodya louma, pamene kwina kukali kosalala. M'caka ca 2012 magazini ya madotolo ya ku America, New England Journal of Medicine, inasindikiza cithunzi ca mwamuna wa zaka 69 amene anayendetsa galimoto ya katundu zaka 28. Tsaya lace la kumanzere, limene linali kupenya ku zenera, linali ndi makwinya akuya ngati mizere ya m'munda, kotero kuti poliyerekeza ndi la kumanja munthu akadati ndi nkhope za anthu awiri. Fodya nayenso athandiza dzuwa pa nchito imeneyi, pakuti utsi wace ucepetsa magazi ofika ku khungu ndi kufulumiza kutha kwa kolajeni.

Ife anthu akuda tinapatsidwa cikopa. Utoto wa m'khungu lathu, umene uchedwa melanini, umeza mbali yaikulu ya ceza cija, ncifukwa cace makwinya acedwa kutifika koposa Azungu. Kwa ife ukalamba uyamba kuoneka ndi mawanga akuda, kuuma ndi kutuwa. Koma abale athu a cialubino alibe cikopa cimeneci, ndipo kwa iwo dzuwa la mwezi wa October si nkhani ya makwinya iai, koma ya khansa ya pakhungu, imene ipha ambiri a iwo asanafike konse pa ukalamba.

Cimene Botolo Likhoza, ndi Cimene Silikhoza

Cilungamo cifuna kuti tiyambe ndi zabwino, pakuti si zonse za m'mabotolo ziri zabodza. Pali zinthu zitatu zimene zinayesedwa nizipezeka zoona.

Coyamba, mafuta wamba asunga cinyezi. Atseka pamwamba kuti madzi a m'khungu asauluke, monga udzu wophimba pa nazale, ncifukwa cace nthawi yabwino yodzola ndiyo pamene munthu wangotha kusamba, thupi likali lonyowa. Vaseline amene ali m'nyumba zambiri anayamba ndi Robert Chesebrough, amene m'caka ca 1859 anaona anchito a pa zitsime za mafuta a pansi ku Pennsylvania alikupaka pa mabala ao phala lomata pa zitsulo. Iye analiyenga, nalembetsa njira yace ku boma m'caka ca 1872. Pa nchito yosunga cinyezi mafuta otsika mtengo amenewa sagonja kwa botolo la mtengo wapatali. Khungu lodzoledwa lioneka lodzala, ndipo timakwinya tating'ono tibisala. Koma mukaleka kudzola tionekanso, pakuti sitinacoke.

Caciwiri, mafuta ochinjiriza ku dzuwa acedwetsadi kukalamba kwa khungu. Ku Nambour, m'dziko la Australia, ofufuza anatsata anthu 903 ocepera zaka 55 kwa zaka 4 ndi theka. Ena anauzidwa kudzola mafutawo tsiku ndi tsiku, ena anasiyidwa kudzola pamene afuna. Zopezeka zinalengezedwa m'caka ca 2013: kuseri kwa manja a odzola tsiku ndi tsiku sikunaoneke kukalamba koonjezeka, pamene kwa anzao aja kunaoneka. Cisoti, malaya a manja atali ndi mthunzi wa mtengo zithandiza pa nchito yomweyo popanda kulipira mwezi ndi mwezi.

Cacitatu, pali mankhwala ocokera ku vitamini A, makamaka tretinoin ndi mng'ono wace retinol, amene autsa khungu kuti lilukenso kolajeni pang'ono. Boma la America linabvomereza tretinoin m'caka ca 1971 kuti aciritse ziphuphu, ndipo m'caka ca 1995 linambvomerezanso pa timakwinya tating'ono. Afuna miyezi yambiri asanaonetse kanthu, atukusira khungu poyamba, ndipo mkazi wapakati aletsedwa kudzola. Mbiri yace nayonso iri ndi banga. Dotolo amene anachukitsa mankhwalawa, Albert Kligman, anali kuyesa mankhwala osiyanasiyana pa khungu la akaidi a m'ndende ya Holmesburg ku Philadelphia kuyambira 1951 kufikira 1974. Ambiri a akaidiwo anali anthu akuda ndi osauka, ndipo sanauzidwe bwino zimene zinali kupakidwa pa misana yao. Akulu a mzindawo anapepesa poyera m'caka ca 2022. Tidziwe tsono kuti kusalala kwa khungu la wina nthawi zina kunalipiridwa ndi khungu la mnzace.

Kupitirira zitatu izi tilowa m'dziko la malonjezo. Mabotolo ambiri adzitama kuti muli kolajeni. Koma tizigawo ta kolajeni ntatikulu koposa, sitingapyole kakhungu ka pamwamba ndi kufika kumene ulusi uja ulukidwa. Kuli ngati kufuna kulowetsa ng'ombe pa khomo la khola la nkhuku. Zithunzi za otsatsa malonda nazonso zinamiza. M'caka ca 2011 bungwe loyang'anira zotsatsa malonda ku Britain linaletsa zithunzi za Julia Roberts ndi Christy Turlington zotsatsira zodzola za Lancôme ndi Maybelline, cifukwa nkhope zao zinasalazidwa ndi makina. M'caka ca 2014 boma la America linatsutsa kampani ya L'Oréal pa mau ace akuti mafuta ena autsa mphamvu za cibadwa za unyamata m'khungu, ndipo kampaniyo inabvomera kusanenanso zotere popanda umboni. Akulu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Coipa koposa bodza ndi ululu. Akazi olemera a ku Ulaya kale anali kupaka ufa wa mtobvu kuti abise zipsera ndi makwinya, ndipo ufawo unali kudya khungu, iwo naonjeza kupaka kuti abise zilondazo. Maria Gunning, mkazi wochuka ndi kukongola ku London, anamwalira m'caka ca 1760, ndipo ambiri akhulupirira kuti zodzola zace ndizo zinamupha. Tisawaseke, pakuti msampha womwewo uli m'misika yathu. Mafuta ena ogulitsidwa ndi lonjezo lakucotsa mawanga ndi kubwezera khungu la ubwana ali ndi mercury, amene aononga impso ndi mitsempha. Pangano la maiko la Minamata, la m'caka ca 2013, linaika ciletso pa zodzola zotere. Ena ali ndi hydroquinone, amene akadzoledwa zaka zambiri asiya mawanga akuda bii osacoka. South Africa inamletsa m'zodzola m'caka ca 1990. Enanso ali ndi mankhwala amphamvu a cipatala amene apyapyalitsa khungu kufikira litang'ambika mizere. Taonani kupusa kwace kwa malonda awa: munthu alipira ndalama kuti acotse melanini, cikopa comwe cija cimene cinali kucedwetsa makwinya ace, nagula ukalamba ndi dzina la unyamata.

Anthu Awiri pa Bwalo

Tsopano tamva mlandu, tiyeni timve otsutsana. Woyamba aimirira nati, "Zonsezi ndi kunyada cabe. Thupi ndi dothi ndipo lidzabwerera ku dothi. Munthu wanzeru asamale mtima wace, khungu alisiye." M'mau amenewa muli coonadi, koma mwini wace wapitirira malire. Khungu si cobvala ca pa cikondwerero iai. Ndilo mpanda umene uletsa tizirombo ta matenda kulowa m'thupi. Munthu amene alekerera zidendene zace kung'ambika m'mwezi wa July kufikira kukha magazi sali woyera mtima koposa mnzace wodzola. Kodi mai aleka kuzira nyumba cifukwa tsiku lina idzagwa? Kufuna kuoneka bwino pamaso pa anthu ndi mbali ya ulemu, monga kusesa pabwalo alendo asanafike. Ndiponso tapenyani bwino woyankhulayo, pakuti kawirikawiri mwamuna amene aseka mkazi wace cifukwa ca mabotolo ndi yemweyo amene atembenuza khosi mtsikana akadutsa. Iye ndiye anabzala mantha amene alikuwaseka.

Waciwiri aimirira nati, "Thupi ndi langa, ndalama nzanga. Ndikafuna kuoneka wa zaka 30 pamene ndiri ndi 50, ndalakwira yani?" Uyunso ali ndi coonadi, ndipo palibe wa ife ali ndi mphamvu yakumlanda botolo lace. Koma timfunse funso limodzi: kufuna kumeneku kunabadwa ndi iye kodi, kapena anacita kuphunzitsidwa? Mwana sanyansidwa ndi manja a agogo ace. Awagwira, nasewera ndi khungu lace lotamuka. Pali wina amene anatiuza kuti khosi la zaka 50 ndi cinthu cobisa, ndipo wotiuzayo ali ndi sitolo. Tsono nkhondo imene iye atiitanira njosapambanika. Munthu angacedwetse makwinya, koma caka ciri conse adzafuna botolo lina lamphamvu koposa, ndipo m'mawa uli wonse galasi lidzamuuza kuti walephera. Amene ayesa ukalamba mdani wace wadzipezera mdani amene agona naye pa mphasa imodzi.

Onse awiri alakwa pa cinthu cimodzi: ayesa kuti mlandu uli m'botolo, pamene uli mu mtima wa wodzola. Pali kudzola kwa kusamala, ndipo pali kudzola kwa kukana. Mwini njinga yakale akaithira mafuta kuti iyende bwino, onse amtama kuti adziwa kusunga cinthu. Koma akaipaka utoto ndi kulumbira kuti njatsopano, wasanduka wonyenga. Pa nkhani ya khungu wonyengedwa woyamba ndi mwini wace, pakuti anansi adziwa caka cimene anabadwa. Wosamala ati, "Thupi ili landitumikira zaka zambiri, ndilicitire ulemu." Wokana ati, "Thupi ili landicititsa manyazi, ndilibise." Onse awiri akhoza kudzola mafuta amodzimodzi, koma wina agona ndi mtendere, wina agona ndi nkhawa.

Cotero munthu asanatulutse ndalama adzifunse mafunso atatu. Kodi cimene botolo lilonjeza ncoona, kapena ndirikugula mau? Kodi lipweteka yani, khungu langa, kapena ana amene ndalama ya mabuku ao yapita ku sitolo? Ndipo botolo likatha mawa, osapezekanso lina, kodi ndidzatuluka m'nyumba ndi kuchula zaka zanga mosacita manyazi? Amene ayankha bwino mafunso atatu awa adzole monga afuna. Palibe mlandu pa iye.

Amene Alipira Mtengo Weniweni

Wina adzati funso lacitatu ndi la mwini yekha, silikhudza mudzi. Koma mau amene tinena pa makwinya athu sakhala m'cipinda. Atuluka, nakagwera pa anthu amene ali nao makwinya ambiri. Tikati khungu lokwinyika ndi lonyansa, tanena kanthu za munthu ali yense wolibvala. Ngakhale ena a ogulitsa kukongola anayamba kuzindikira ici. M'caka ca 2017 magazini ya ku America ya Allure, imene nchito yace yonse ndi zodzola, inalengeza kuti yaleka kulemba mau akuti anti-aging, pakuti mauwo aphunzitsa anthu kuyesa ukalamba matenda. M'caka ca 2021 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti pa dziko lonse munthu mmodzi mwa awiri ali ndi mtima wopeputsa okalamba.

Kuno kwathu kupeputsa kumeneku kuli ndi mano. Tonse tamva za nkhalamba za m'midzi ya Zambia ndi Malawi zimene zinathamangitsidwa, kutenthedwera nyumba, ngakhale kuphedwa, pozinenera ufiti, cinkana lamulo liletsa kuloza munthu cala kuti ndi mfiti. Umboni wace kawirikawiri ndi wotani? Khungu lokwinyika, maso ofiira ndi utsi wa zaka zambiri za pa mafuwa, msana wopindika, ndi kuyankhula zosokonezeka kumene kudza ndi matenda a ukalamba. Sitinena kuti botolo la mafuta ndilo lipha nkhalamba. Koma mtsikana wa m'tauni amene aopa khwinya loyamba ndi mnyamata wa kumudzi amene aopa nkhope ya gogo amwa pa citsime cimodzi: onse awiri aphunzira kuona ukalamba ngati cinthu cacilendo ndi coopsa. Ndipo katundu ameneyu alemera koposa pa mutu wa akazi, pakuti mwamuna akamera imvi anthu ati wakula, koma mkazi akamera imvi ati watha. Makolo sanali kutero. Iwo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, natinso mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Khungu la Agogo

Ku zisumbu za Banks, zimene lero ziri m'dziko la Vanuatu ku nyanja ya Pacific, mmishoni Robert Codrington anamva nthano imene anaisindikiza m'caka ca 1891. Anthu a kumeneko anati kale munthu akakalamba anali kufundula ngati njoka, nakhalanso mwana. Tsiku lina mai wokalamba anapita ku mtsinje, nabvula khungu lace lakale, nalitaya m'madzi, ndipo linakodwa pa kamtengo. Pobwera kunyumba ali mtsikana, mwana wace sanamzindikire. Analira, nakana kumyandikira, nati uyu ndi mlendo. Maiyo anabwerera ku mtsinje, natola khungu lija, nalibvalanso, ndipo kuyambira pamenepo anthu safundula. Eni nthano anaikamba pofuna kulongosola ciyambi ca imfa, koma ife tikhoza kutolamo cina. Gilgamesh analandidwa unyamata ndi njoka, nalira. Mai uyu anausiya yekha, pakuti anaona kuti kudziwika ndi mwana wace kuposa kusalala. Amene atikonda adziwa nkhope yathu pamodzi ndi zaka zace. Mizere ya pa mimba ya mai ndi kalata ya ana amene anawabala, ndipo zikhatho zokhakhala za bambo ndizo zinalipira sukulu imene inu mwangoitsiriza.

Pali cinthu cimodzi codabwitsa pa malonda onsewa. Mafuta agulidwa kwambiri ndi amene khungu lao likali lamphamvu, pamene amene awasowadi akhala otuwa. Khungu la munthu wa zaka 80 ling'ambika ndi kukhudza pang'ono pa mwendo wa mpando, ndipo bala lotere likhoza kusanduka cironda cosapola. Ku Western Australia ofufuza anayesa cinthu capafupi m'nyumba zosungira okalamba: anadzoza manja ndi miyendo ya nkhalamba mafuta wamba kawiri pa tsiku. Zopezeka, zimene zinasindikizidwa m'caka ca 2014, zinaonetsa kuti mabala a kung'ambika kwa khungu anacepa pafupifupi ndi theka. Mafutawo sanabweze munthu ndi mmodzi yemwe ku unyamata, koma anacotsa zowawa zambiri. Iyi ndiyo nchito yoona ya mafuta pa thupi lokalamba.

Cifukwa cace, inu acinyamata, sungani khungu lanu monga musunga cinthu ciri conse cimene simudzapatsidwa kawiri. Sambani, dzolani, bvalani cisoti pa dzuwa lamphamvu, lekani fodya, ndipo thawani mafuta ali onse amene alonjeza kusintha mtundu wa khungu limene munabadwa nalo. Mukakhala ndi bvuto la pakhungu pitani ku cipatala, osati kwa wogulitsa wa pamsika. Zaka zikadza ndi mizere yace, zilandireni monga mulandira mlendo amene munadziwa kale kuti alinkudza, pokumbukira kuti anzanu ambiri sanapatsidwe mwai wakuona imvi. Ndipo pa malipiro anu oyamba, mukafuna kugula mafuta, gulani mabotolo awiri. Lina mupite nalo kumudzi, mukhale pansi pa mphasa, munene kuti, "Agogo, tambasulani miyendo ndikudzozeni." Ana anu adzakhala alikupenya, ndipo caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.